Mono Wolemera Mopanda Phokoso

Atsibweni anga, amene anandiphunzitsa usodzi, sankamasula mono asanaugwedeze. Ankautukula pang'ono n'kuupendeketsa, khutu lili tcheru. Mlamba umagunda ndi mutu ngati mlendo wogogoda chitseko, makumba amangophiriphitha. Mono ukalemera koma uli zii, ankaubwezera pansi n'kuyamba asuzumira m'mipata ya nsungwi. Ine ndinkaona ngati ndi zochedwetsa ntchito, mpaka m'mawa wina titapezamo chinjoka chakuda bii, chotalika kuposa nkhafi. Chinalowa chikutsata nsomba, chinasowa potulukira, n'kufera momwemo posowa mpweya. Mono uja ukanakhala kuti mbali ina yaonekera pamwamba pa madzi, tikanachipeza chamoyo ndiponso chokwiya.

Kwathu ndi ku Songani, pamsewu wa Zomba kupita ku Liwonde, koma masiku ambiri a moyo wanga ndawathera m'njedza za Chilwa. Ndinayamba kuwatsata atsibweni madzi atangobwerera, nyanja itaphwa mu 1995. Ndimatsika panjinga, n'kukakhala milungu iwiri kapena itatu pa chimbowera, kanyumba koyandama komangidwa pamwamba pa njedza. Amayi ogula matemba pamsika wa Songani akamva kuti timagona pamadzi amati, "Bola inu, njoka simuziona." Ndimangoseka.

Njoka iliyonse imasambira. Mphiri, yaulesi ija imangogona panjira osafuna kusuntha, ikalowa m'madzi imadzaza mpweya n'kuyandama thupi lonse pamwamba ngati chikuni, mawanga ake akuoneka bwinobwino. Mamba, ija yofutukula khosi, imadula madzi mwaliwiro mutu uli m'mwamba. Nsato ilibe ululu koma imatha kumira nthawi yaitali, mphuno zokha kunja. Ndiye pali tinjoka tobiriwira tothamangitsa achule m'njedza. Timeneti tilibe mlandu ndi munthu, kungoti mbobo nayonso ndi yobiriwira, ndipo ine sindinayambe ndaiyandikira njoka kuti ndiifunse mtundu.

Tili ana ankatiuza kuti njoka isanalowe m'madzi imayamba yalavula ululu wake patsamba, ndiye ikakuluma m'nyanja palibe chichitika. Bodza lamkunkhuniza. Ululu umakhala m'timatumba ta m'mutu, kuseri kwa maso, ndipo njoka imapita nawo kulikonse. Kukamwa imatsegula ngakhale ili pansi pa madzi. Tsono madzi a Chilwa ndi amatope; dzanja likangomira mpaka m'chigongono, zala zako suzionanso.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Zonse zimene Domasi, Likangala ndi Phalombe yakokolola kumtunda zimathera kwa ife: mitengo, mapesi a chimanga, makoswe, njoka. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ndinali m'bwato ndi mwana wa mlongo wanga, mnyamata wongoyamba kumene ntchitoyi. Tikuonjola machera, iye anati, "Atsibweni, chingwe icho chikubwera chokha!" Nditacheuka ndinaona mphiri yonenepa ngati mkono wanga, italunjika bwato lathu. Mnyamata anadzambatuka, nkhafi m'mwamba, bwato n'kupendekeka mpaka madzi khuthu m'kati.

"Khala pansi, iwe! Tsitsa nkhafiyo!"

Bwato la mtengo umodzi silifuna munthu wodzidzimuka. Tikanagudubuzika tikanagwera m'machera athu omwe, miyendo n'kukodwa, njoka ili pomwepo. Kumenyanso njoka ili pamadzi n'kudzinamiza: madzi amabweza nkhonya, njoka siifa, mwina nkhafi imaikolowola n'kuiponyera m'bwato. Ndinatenga nsungwi yokankhira bwato, ndinaipisa pansi pa mimba yake, n'kuikankhira cha uko pang'onopang'ono. Inabwereranso. Ndinaikankhanso, kenaka tinapalasa n'kusuntha. Sinatilondole, inakakwera pa chitsa cha njedza chimene chinkayandama chapafupi n'kudzipinda. Inali yotopa, ndipo kwa iyo bwato lathu linali chipika chouma chopumirapo. Mnyamata uja mpaka lero amauza anzake kuti inkafuna iyeyo. Sindimutsutsa pagulu.

Njoka zoopsa kwenikweni ndi zimene sitiziona. Pa chimbowera timasunga ufa ndi nsomba zowamba, makoswe amabwera, njoka n'kutsata makoswe. M'njedza muli zisa za mbalame ndi mazira. N'chifukwa chake bulangete timayamba takutumula, neti ya udzudzu timaipisa pansi pa mphasa mbali zonse, ndipo mulu wa njedza zodula sitiunyamula tisanaugwedeze ndi ndodo.

Mnzathu wina anaiwala zimenezi tsiku limodzi lokha. Ankakonza denga la chimbowera chake, anapisa dzanja pamulu wa njedza, mphiri n'kumugwira pachikhatho. Ife, poganiza kuti tikumuthandiza, tinam'manga mkono ndi lekeni mwamphamvu, wina n'kutema pabalapo ndi lumo. Kuchokera m'kati mwa njedza kukafika padoko ndi maola, kenaka njinga yamoto mpaka kuchipatala ku Zomba. Pofika, mkono unali utatupa ngati mtondo. Moyo anapulumuka, koma zala ziwiri zinapita. Adokotala anatifunsa amene anamanga lekeniyo, tonse maso pansi. Anatifotokozera kuti ululu wa mphiri umaoletsa mnofu, ndiye ukamanga molimba wautsekera malo amodzi komanso magazi sayenda. Osatema, osayamwa, osamanga. Kuvula mphete kapena chibangili, mkono usamagwedezeke, wolumidwayo asapalase yekha, n'kuthamanga naye kuchipatala kumene kuli mankhwala opha ululu. Ananenanso kuti tisamataye nthawi kusaka njokayo, poti ngakhale mutu wodula umatha kuluma. Lekeni ija ndinamanga ndine, ndipo ndikamuona akusoka ukonde ndi zala zitatu ndimakumbuka.

Mamba yolavula inandipezapo inenso, ndikusuzumira m'mono umene unali utatsamira pa njedza. M'maso munangoti lawi, ngati wandithira tsabola. Ndinamiza nkhope m'madzi amatope omwewo, maso otsegula, kenaka anzanga anandithira chigubu chonse cha madzi akumwa. Ndinatha masiku angapo ndikuopa dzuwa. Chiyambire pamenepo ndimasuzumira cham'mbali, mono uli patali ndi nkhope.

Nyanja itaphwanso mu 2018 ndinabwera nayo miono yanga ku Songani n'kuisanja padenga la khola la mbuzi. Madzi atabwerera ndinakaitsitsa, uliwonse ndikuyamba ndaugwedeza. Mayi a kunyumba anali pakhonde akusankha mpunga. "Abambo, mwayesa muli mlamba pamtunda pano?" M'mono wachitatu munatuluka khungu limene njoka inafundula, lathunthu kuyambira kumutu mpaka kumchira, likadali lofewa. Anangoimirira mwakachetechete ndi lichero lawo, n'kukamalizira kusankhako m'nyumba.