Usathamangire Kugula Batire

Mwana wanga,

Kumene ukupitako mawaya a ESCOM sanafike, ndiye foni yako idzadalira katchaja ka sola. Tsiku lina kadzasiya kutchaja, ndipo anzako adzakuuza kuti batire lafa. Usagule kanthu usanapime. Moto uli ndi njira imodzi: umachoka pa panelo, n'kudutsa pa kabodi kotchajira, n'kulowa m'batire, kenako kabodi kena kamaukweza kuti ufike pa mavolti 5 amene USB imafuna. Uzilondola njirayi ndi mita yopimira mavolti mpaka upeze pamene moto wathera.

Uyambire pa panelo, dzuwa lili paliwombo. Ambiri amapusitsikira pomwepa, chifukwa panelo ya mavolti 6 imatha kuonetsa pafupifupi 7 ngakhale kunja kuli mitambo, bola isanalumikizidwe ku chilichonse. Ukangoilumikiza, nambala ija imagwa, poti kuchuluka kwa moto umene imatulutsa kumadalira kuwala. Choncho uziipima ili pa ntchito. Timaselo take n'tolumikizana mondondozana, mwakuti tsamba limodzi kapena chitosi cha mbalame chikaphimba kamodzi kokha, panelo yonse imafooka. Fumbi la mu Okutobala nalo limatseka kuwala. Uipukute, uiyang'anitse kumpoto, upimenso. Panelo ikakhala bwino, upite pa batire. La lithium likadzaza limaonetsa mavolti 4.2, ndipo likatsika pansi pa 3 ndiye kuti lakamuka. Ngati batire lili ndi moto koma potulukira pakulephera kufika pa 5 foni ili pomwepo, vuto lili pa kabodi kokweza kaja kapena pa waya womasuka. Pakafika pa 5 koma foni osalandira, usinthe kebulo, pakuti zotchipa zija zili ndi timawaya toonda kwambiri timene timaduka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino.

Mwina unena kuti kawirikawiri lofa limakhala batire lomwelo, nanga kuvutikiranji? N'zoona, koma batire silikonda kufa lokha. Limaphedwa ndi kutentha likamasiyidwa padzuwa pamodzi ndi panelo, limaphedwa ndi kukamulidwa mpaka kutheratu, mwinanso ndi diode yowonongeka imene ikulola moto kubwerera ku panelo usiku. Ukaika latsopano chimene chinapha loyamba chikadalipo, nalonso lifa imfa yomweyo, ndalama yako n'kulowa m'madzi kawiri. Mwina unenanso kuti mita imafuna ndalama, kuli bwino kungopita kwa okonza mafoni. Kupita upite ndithu, koma ukafika ukudziwa kale pamene moto ukuthera, sangakugulitse chinthu chimene sichinawonongeke, ndiponso mita umagula kamodzi.

Chokhacho chosafuna mita ndi batire lotupa kapena lotentha kwambiri potchaja. Limenelo ulichotse msanga, usaliboole, ndipo usaliike pafupi ndi denga la udzu, chifukwa limatha kuyaka.

Ndine,
Bambo ako