Samora, Pomuonera ku Niassa

Pa ntchito yanga yomasulira, mawu a Chipwitikizi akuti revolução amandisautsa. Ndikalemba kuti "kuukira boma", zimamveka ngati mlandu wa kukhoti. Ndikalemba kuti "kusintha zinthu", zimapepuka ngati kusuntha mipando m'nyumba. Munthu amene ndimayeserapo mawuwa ndi Samora Machel wa ku Mozambique, ndipo ndimamuonera ku Niassa ndi ku Tete, kumene anthu ambiri amayankhula Chinyanja chathu chomwechi.

Samora anabadwira kutali ndi kumeneko, ku Chilembene m'chigawo cha Gaza, mu 1933. Anali namwino mumzinda wa Lourenço Marques asanathawire ku Dar es Salaam mu 1963 kukalowa Frelimo. Usilikali anakaphunzira ku Algeria. Eduardo Mondlane ataphedwa ndi bomba lobisidwa m'phukusi mu 1969, Samora anatenga mpando wa chipanicho chaka chotsatira. Nkhondo yolimbana ndi Apwitikizi inamenyedwa kumpoto, ku Cabo Delgado, ku Niassa, kenako ku Tete, ndipo osenza zipolopolo pamutu ndi ophikira asilikali anali anthu a m'midzi ya kumeneko. Asilikali a ku Portugal atagwetsa boma lawo ku Lisbon pa 25 Epulo 1974, atsamunda analibenso mphamvu, ndipo pa 25 Juni 1975 namwino uja anakhala pulezidenti.

Sindingamuchepetse. Patangotha mwezi umodzi, zipatala ndi sukulu zinakhala m'manja mwa boma, ndipo katemera anafika m'midzi imene sinaonepo dokotala. Mu 1976 anatseka malire ndi Rhodesia, dziko lake losaukalo n'kutaya ndalama za njanji ndi doko la Beira, kuti Zimbabwe imasuke. Ndi atsogoleri angati amene anadzimanapo chonchi chifukwa cha mnansi?

Koma boma lakelo linkayankhula Chipwitikizi. Frelimo inkaopa kuti ziyankhulo za makolo zingagawe dziko, choncho inasankha chiyankhulo cha mtsamunda kuti chimange umodzi, ngakhale ochimva anali ochepa kwambiri. Mafumu anachotsedwa ponena kuti anali zida za atsamunda. Ena analidi otero, ena ayi. Anthu anasamutsidwira m'midzi yatsopano yolimira pamodzi, kutali ndi minda yawo ndi manda a makolo awo. Ndimamuganizira kwambiri mnzanga wa ntchito wa masiku amenewo, womasulira wa pamsonkhano wa pansi pa mtengo. Lamulo lochokera ku Maputo ankalitsitsa m'Chinyanja bwinobwino. Nanga kung'ung'udza kwa agogo okhala kumbuyo, ndani ankakukweza m'Chipwitikizi kuti kukafike ku Maputo?

Zowawa kwambiri zinagwera Niassa. Kumeneko kunali misasa "yophunzitsanso" anthu amene chipani chinkawakayikira, ndipo mu 1983, pa Operação Produção, anthu zikwizikwi a ku Maputo ndi ku Beira opanda zikalata za ntchito anatengedwa n'kukasiyidwa kutchire komweko. Chigawo chimene chinabisa asilikali a ufulu chinasanduka kotayira anthu osafunika mumzinda. Renamo inayambitsidwa ndi Rhodesia, n'kupatsidwa zida ndi boma la tsankho la South Africa, ndipo nkhanza zake palibe angaziyeretse. Komabe m'midzi ina inapeza mitima itawinya kale.

Mu 1984 Samora anasainirana pangano la Nkomati ndi P.W. Botha, koma nkhondo sinaleke. Mu Sepitembala 1986 anafika ku Blantyre limodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kudzadzudzula Kamuzu Banda kuti Malawi ikusunga Renamo. Pa 19 Okutobala chaka chomwecho, akuchokera ku Mbala m'dziko la Zambia, ndege yake inagwa pa Mbuzini ku South Africa, ndipo mpaka lero anthu akutsutsanabe za chimene chinaigwetsa. Anali ndi zaka 53.

Nkhondo inapitirira mpaka 1992. Pofika nthawiyo, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawira ku Malawi, ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Ambiri ochokera ku Angónia anangodumpha msewu, n'kupempha malo ogona m'chiyankhulo chimene eni nyumba anamva popanda womasulira.