Tsaya Lamanja la Mwana wa Sukulu

Ndili ndi mlandu umene ndifuna kuuvomera pamaso panu, pakuti kapena wina wa inu adzapulumutsa nawo diso la mwana.

Pamene ndinali kuphunzitsa m'mapiri a Misuku, m'dziko la Chitipa, m'mawa wina wa June, mwezi wa chisanu chowawa, ndinaimika ana kuti ayimbe. Mnyamata wina anali kuyimba ndi mbali imodzi yokha ya pakamwa, diso limodzi lili tong'o, ndipo anzake anali kuseka. Ine ndinayesa chipongwe, ndipo ndinamkwapula. Polira iye, tsaya lamanzere lokha linakwinyika. Lamanja linangokhala chete monga la munthu wina. Pamenepo ndodo inandigwa m'manja.

Kumudzi nkhani inakula. Abale a atate wake anati walodzedwa, natchula dzina la nkhalamba ina. Ena anati mphepo inamuomba usiku. Koma amake anandiuza kanthu kamene onse anakapeputsa, kakuti khutu lamanja la mwanayo linali kukha mafinya zaka zitatu.

Tsono mverani chimene asing'anga a ku chipatala anandiphunzitsa. Mbali iliyonse ya nkhope ili ndi mtsempha wake, wosati wa mwazi, koma wonga ulusi woyera, umene uchokera ku ubongo, nupyola m'ngalande yopapatiza m'fupa la khutu, nugawika nthambi kunka kumphumi, kuchikope ndi kumilomo. Charles Bell wa ku Scotland ndiye anafotokoza ntchito yake m'chaka cha 1821. Ukatupa mtsemphawu m'ngalande muja, nkhope ifooka tsiku limodzi. Koma ambiri otere achira m'masabata kapena miyezi yowerengeka, makamaka akalandira mankhwala a prednisolone asanapite masiku atatu. Ena uwafera chifukwa cha chilonda cha m'khutu, kapena kusweka kwa fupa la mutu, kapena khate, nthenda imene asing'anga a ku Chilumba, kwa anansi athu a ku Karonga, anayamba kuilondola mudzi ndi mudzi m'chaka cha 1979. Koma ngati munthu wopotoka pakamwa akhoza kukwinya mphumi yonse, ndipo dzanja kapena mwendo wafookanso, imeneyo ndi nthenda ya mu ubongo, mumnyamule msanga.

Ine ndinali kudera nkhawa pakamwa, koma sing'anga anayamba ndi diso. Chikope chikaleka kutseka, diso liuma, fumbi ndi utsi wa m'nyumba zilichita chilonda, ndipo munthu achita khungu. Chifukwa chake alithira mankhwala, naliphimba usiku, ndipo likapanda kutsekabe asoka zikope pangodya, kapena aika kachidutswa ka golide m'chikope chapamwamba kuti chitsike ndi kulemera kwake.

Mtsempha ukaduka, akhoza kuulumikiza. M'chaka cha 1932 Charles Ballance ndi Arthur Duel anaonetsa kuti sing'anga angatenge kachigawo ka mtsempha pena m'thupi, nakaika pakati monga ulalo. Ena alumikiza mtsempha wa lilime ku wa nkhope. Koma musayese kuti munthu adzuka ali kumwetulira, iyayi. Mtsempha uphuka pang'onopang'ono, ngati inchi imodzi pamwezi. Ndipo apa ndi pamene kuchedwa kwathu kutipweteka, pakuti minofu ya nkhope ikakhala yopanda mtsempha pafupi zaka ziwiri ifota, ndipo siidzukanso. Zikatero asing'anga abwereka mnofu wina. Harold Gillies, m'chaka cha 1934, anatembenuza mnofu wotafunira wa palitsipa kuti ugwire ntchito ya nkhope, kotero kuti munthu akaluma mano chikope chitseka; ndipo m'chaka cha 1976 Kiyonori Harii wa ku Japan anasamutsa mnofu wa m'ntchafu, pamodzi ndi mitsempha yake, nauika pankhope. Ntchito zotere sizichitika m'chipatala cha pafupi ndi mudzi, ndipo ulendo wochokera ku Misuku kunka ku Mzuzu, ngakhale ku Blantyre, udya ndalama zambiri.

Atate wake anakana masabata asanu. Ndinapita kwawo kawiri. Kachiwiriko ndinayamba ndi kupepesa za ndodo ija, ndipo mtima wawo unafewa. Mpingo unasonkha, mwana anapita ku Blantyre, kumene anamng'amba kuseri kwa khutu, nachotsa zowola zimene zinali kupsinja mtsempha. Anabwerako chikope chili chosokedwa pangodya. Itatha miyezi isanu ndi umodzi ngodya ya pakamwa inayamba kugwedezeka, ndipo amake anathamangira ku sukulu kudzandiuza.

Diso linapulumuka, ngakhale khutulo silimva bwino, ndipo kuyimba mluzu sakhoza kufikira lero. Nkhalamba ija palibe anapita kukaipepesa. Inakhala chaka chathunthu yosalowa m'nyumba ya Mulungu, kufikira amayi a Umanyano anakaitenga okha.