Sukulu ya Fanizani

Mnyamata akatsiriza sukulu kawirikawiri maso ace amakhala pa nchito ya ukalaliki. Akaisowa, nayamba kuumba njerwa kapena kulima kwa eni, amadziyesa munthu wotayika, ndipo zaka zimenezo amaziwerenga ngati madzi otayikira pa mcenga. Koma mbiri ya Fanizani Akuda, mmisiri wosema miyala, ionetsa kuti nchito zonyozeka nazonso ziri ndi maphunziro ace.

Fanizani anali Mcewa, wobadwa m'caka ca 1932 m'dziko la Northern Rhodesia, limene tsopano licedwa Zambia. M'caka ca 1949, ali mnyamata wa zaka 17, anaoloka Zambezi kunka ku Southern Rhodesia monga anacitira anzace ambiri a masiku amenewo. Kumeneko anathyola thonje, anamanga nyumba za njerwa, analuka madengu, ndipo pambuyo pace anakhala woyang'anira anchito pa munda wa Mzungu. Panapita zaka 17 zina asanasemepo mwala ngakhale umodzi.

Cimene cinasintha moyo wace cinali tsoka la anthu ena. M'caka ca 1965 boma la Azungu la dzikolo linadzilekanitsa ndi Britain, ndipo maiko ambiri analeka kugula fodya wace. Mlimi wina wa fodya, Tom Blomefield, wa ku dera la Sipolilo, limene lero ndi Guruve, anaona kuti munda sungathenso kudyetsa anchito ace. Tsono m'mapiri a pafupi munali mwala wosemeka bwino wa mtundu wa serpentine, ndipo wosema wina, Crispen Chakanyuka, ndiye anamsonyeza phindu lace. Comweco m'caka ca 1966 munabadwa mudzi wa amisiri wocedwa Tengenenge. Ambiri a iwo anali anthu a m'mapulazi ocokera ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Angola, ndipo Acewa a pakati pao sanaiwale gule wa makolo ao.

Fanizani anafika pamenepo osati monga mmisiri ai, koma monga wokumba miyala yakuti ena aseme. Nchito yace inali yolemetsa ndi yafumbi, yosatamandidwa ndi munthu. Komatu wokumba ndiye adziwa mwala koposa onse. Amadziwa wofewa ndi wolimba, amauomba ndi citsulo namva kulira kwace ngati uli ndi mng'alu wobisika m'kati, ndipo amaona kumene ukonda kung'ambikira. Pamene anapatsidwa nyundo ndi chizulo, ali ndi zaka zoposa 30, manja ace anali ataphunzira kale zambiri. Kumanga kunamphunzitsa muyeso, ndipo kuluka kunamphunzitsa kudekha.

Pa Tengenenge panalibe kalasi, mayeso kapena setifiketi. Wophunzira anakhala pansi pa mtengo pambali pa mnzace wodziwa, nayang'ana. Poyamba mwala amausadza ndi nyundo kufikira maonekedwe a cinthu ayamba kutuluka. Kenaka amasalaza ndi tupa, napukuta ndi pepala lokhakhala loviika m'madzi, kuyambira lokalakala kufikira losalala. Potsiriza amautenthetsa pa moto, naupaka phula, limene limalowa m'mwala wotenthawo. Ukazizira amaukwecha ndi nsaru mpaka uŵale. Pamenepo ndipo mtundu wace weniweni umaoneka, wakuda kapena wobiriwira. Wopupuluma akaomba molakwa kamodzi kokha, nchito ya masabata ambiri imasweka m'manja mwace. Akulu ananena zoona kuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Cobvuta coposa m'nchito imeneyi ndico kupeza njira ya iwe mwini. Wophunzira waulesi amangotsanzira zimene mnzace wagulitsa dzulo, ndipo amakalamba dzina lace losadziwika. Fanizani sanatero. Anasema nkhope zozungulira zomwetulira, za maso ong'ambika pakati ngati njere ya khofi, anthu oimba mluzu, mai ndi ana ace okumbatirana, ndi anthu akusewera ndi nyama. Munthu wodziwa zosema amazindikira dzanja lace asanawerenge dzina lolembedwa pansi.

Njira yace sinali yosalala. Nkhondo yomenyera ufulu inakula m'dera la Guruve, ogula analeka kufika, ndipo m'caka ca 1975 Fanizani anasamuka ndi banja lace kunka ku Chitungwiza, pafupi ndi mzinda umene tsopano ndi Harare. Anzace ena anataya nyundo nabwerera ku khasu, koma iye anapitiriza. Dziko litalandira ufulu m'caka ca 1980, malonda anatseguka, ndipo miyala yace inaonetsedwa ku Ulaya ndi ku Amereka. Anamwalira m'caka ca 2011, atasema zaka zoposa 40.

Nkhani iyi sinena kuti sukulu iri yacabe. Wosema wodziwa kuwerenga ndi kulemba samanyengedwa pa mtengo, ndipo atha kulembera yekha makalata kwa ogula a kutali. Cimene inena ndi cakuti mnyamata amene lero asenza njerwa kapena akumba miyala asadziyese kuti waleka kuphunzira. Ayang'anitse cimene ciri m'manja mwace, pakuti sadziwa tsiku limene adzapatsidwa nyundo.