Mathithi a pa Phiri la Zomba

Munthu akaima m'mudzi waukulu wa Zomba, napenya kumpoto, aona phiri loimirira ngati linga. Pamwamba pake pali malo otakata, okhala ndi nkhalango, timitsinje ndi mathithi. Nsonga yake yoposa zonse, dzina lake Malumbe, ipitirira mamita 2,000 kutalika kwake. Zomba linali likulu la dziko kufikira chaka cha 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe; koma alendo sanaleke kudza kudzaona phirili.

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti, mphunzitsi wina wa ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, anakwera phirilo pamodzi ndi ana a sukulu yake. Mwa anawo munali mnyamata, mwana wa msodzi wa matemba. Iye anali kuona phirilo patali masiku onse, koma anali asanapondepo.

Anakwera pa galimoto mumseu wokhotakhota, napitirira damu la Mulunguzi, limene lisunga madzi akumwa a anthu a m'Zomba. Atatsika, anayenda pansi m'nkhalango, natsata mtsinje wa Mulunguzi, kufikira anamva mkokomo. Apo ndipo pa mathithi otchedwa Williams Falls. Madzi ake atsika pa matanthwe osanjikizana ngati makwerero, oyera mbee, nagwera m'dziwe. Mnyamata uja anapisamo dzanja, nalichotsa msanga chifukwa cha kuzizira.

Ndipo anafunsa nati, “Aphunzitsi, mvula inaleka kale, ndipo kwathu timitsinje taphwa. Nanga madzi awa achokera kuti?”

Mphunzitsi anati, “Mwanawe, fukula masamba ali pansi pa mtengo uwo.” Iye anafukula, napeza dothi lakuda lachinyontho. Pamenepo mphunzitsi anati, “Waona kodi? Mvula ikagwa pa nkhalango, masamba ndi mizu ziigwira kuti isathamange. Madziwo alowa pansi, natuluka pang'ono pang'ono m'akasupe chaka chonse. Nkhalango ndiyo nkhokwe ya madzi.”

Atachoka pa mathithi, anakwera chitunda, napyola malo amene mitengo inadulidwa ndi moto unapsereza. Pamenepo nthaka inali gwaa, yong'ambika ndi zigwembe. Mphunzitsi sananene kanthu, koma ana anaona okha.

Potsiriza anafika pa malo awiri oonerapo dziko, oyandikana, m'mphepete mwa phompho. Oyamba atchedwa Queen's View, pokumbukira amake a Mfumukazi Elizabeth ya ku Mangalande, amene anacheza m'dziko muno m'chaka cha 1957. Achiwiri atchedwa Emperor's View, chifukwa cha Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, imene inadza m'chaka cha 1965. Mphunzitsi anawachenjeza kuti asakankhane kapena kuyandikira kuphompho, pakuti woterereka pamenepo sabwerako.

Ha, kukula kwake kwa dziko! Nyumba za m'Zomba zinaoneka ngati timabokosi ta machesi. Patali panaima phiri la Mulanje, ndi kum'mawa kunanyezimira nyanja ya Chilwa, ndi chilumba cha Chisi m'kati mwake. Mnyamata uja anafuula nati, “Kwathu uko!”

Tsono mphunzitsi analoza ndi ndodo, nati, “Ana inu, tsatani ndi maso. Madzi aja munawakhudza pa mathithi atsikira ku damu. Otsala apyola m'Zomba, nathira mu mtsinje wa Likangala. Ndipo Likangala athira m'Chilwa. Nyanjayo njosaya, ndiponso ilibe mtsinje wotulukamo. Dzuwa limwa madzi ake tsiku ndi tsiku. Mvula ikachepa zaka zotsatana, iphwa, monga inachita m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, ndiponso inatsala pang'ono kutheratu m'chaka cha 2018. Mvula sitingathe kuilamula ife anthu. Koma phiri likakhala lopanda mitengo, madzi atsika onse nthawi imodzi, nakokolola dothi, nalitaya m'nyanja; ndipo m'chilimwe mitsinje isowa chopereka.”

Mnyamatayo anakhala chete, pakuti atate wake anamuuza kale za chaka chija mabwato anagona pa matope ouma, ndi ndiwo zinasowa m'mudzi. Tsiku lomwelo anazindikira kuti matemba a m'khoka la atate wake akhala moyo ndi madzi otsika m'mapiri.

Alendo ambiri achokera kutali, nalipira ndalama kuti aone mathithi amenewa, nabwerera kwao ndi zithunzi. Koma kwa ana a m'midzi ya kunsi kwa phiri, mathithiwo ndiwo madzi akumwa, mpunga wa m'dambo ndi nsomba za pa nsima. Mulungu anaika nkhalango pamwamba kuti idyetse okhala pansi. Chifukwa chake mwana wanzeru sayatsa moto m'thengo pofuna mbewa, ndipo akaona mtengo wadulidwa, abzala wina.