Mkazi wachiwiri wa ku Tlhabane

Lamulungu lililonse m'mawa, anthu a mumsewu wina wa ku Tlhabane, kunja kwa tauni ya Rustenburg m'dziko la South Africa, ankaona chinthu chomwe poyamba chinkawaseketsa. Bambo ena a ku Malawi ankafika pakhomo pawo ndi galimoto yakale yofiira, n'kuimika, koma osazimitsa injini. Ankakhala chete momwemo, dzanja lili pa kiyi, maso ali pa wotchi, kufikira zitakwana mphindi ziwiri. Ana ankati mwina bambowa akupemphera. Akuluakulu ankati munthuyu ndalama zamukwana, ndiye akungotentha petulo pachabe.

Bambowa kwawo ndi ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu. Abambo awo anapita ku Joni kudzera ku Wenela, monga ankachitira amuna ambiri a m'chigawocho, ndipo anabwerako ndi njinga, wailesi, mabulangete ndi chifuwa chosatha. Ulendo wawo womaliza unalephereka mu 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Dr Banda n'kuimitsa zotumiza anthu kumigodi. Atakhazikika pamudzi, mkuluyo ankakonda kusimba za galimoto ya kapitawo wina wa pamgodi, Ford Cortina, yomwe ankaitsuka Loweruka koma sanaikwerepo ngakhale tsiku limodzi. Mwana wawo anakula akumva dzina limeneli. Ataphunzira zaumakaniko, nayenso anatsika ku Joni m'zaka za m'ma 1990, ndipo patapita nthawi anapeza ntchito yokonza makina a pansi pa nthaka pa mgodi wina wa pulatinamu.

Cortina yawo anaipeza mu 2006 kuseri kwa nyumba ina cha ku Brits, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Inali ya mtundu wa XR6, yopangidwa mu 1982. Kwa anthu odziwa galimoto a m'dzikolo, dzinali ndi lolemera. Ku America, galimoto zamphamvu zotchedwa muscle car zinali ndi injini zikuluzikulu, ndipo ina mwa izo, Buick Grand National, inatchuka chifukwa chopeza mphamvu zake kuchokera ku turbo. Mtundu wake womaliza wa GNX unapangidwa mu 1987, galimoto 547 zokha. Galimoto zoterozo sizinkagulitsidwa ku South Africa. Kumeneko anthu anali ndi zawo, monga Capri Perana ya Basil Green, Chevrolet Can-Am ndi Cortina XR6 yomweyi, ya injini ya Essex V6 ya malita atatu. Injiniyi inayambira ku Britain m'zaka za m'ma 1960, koma fakitale ya ku Port Elizabeth, komwe lero kukutchedwa Gqeberha, inapitiriza kuipanga mpaka chaka cha 2000. N'chifukwa chake zipangizo zake zikupezekabe m'malo ogulitsira zitsulo zakale.

Kudzutsa galimotoyo kunawatengera zaka ziwiri, ndipo itayamba kuyenda bambowa sanakhutire nayo. Chifukwa chake chili mumpweya. Rustenburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere, Johannesburg ili pamwamba kuposa apo, ndipo munthu akamakwera mpweya umanka nupepuka. Injini imapuma ngati munthu: mpweya ukachepa, mafuta omwe ingathe kutentha amachepanso, mphamvu n'kutsika. Galimoto yomwe imathamanga bwino ku Durban imataya gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake, kapena kuposerapo, ikafika kumigodi. Aliyense amene anakwerapo lole yodzaza matumba a mbatatesi pa zitunda za Dedza wamvapo injini ikubuula motero.

Turbo ndi mankhwala a vuto limeneli. Maganizo ake ndi akale. Katswiri wa ku Switzerland, Alfred Büchi, analembetsa luso lake mu 1905. Utsi wotuluka mu injini, mmalo mongotayika, umazunguza kagudumu ka mapiko. Kagudumuko kamalumikizidwa ndi kanzake komwe kamakoka mpweya wakunja n'kuukankhira mu injini mwamphamvu. Mpweya ukachuluka, mafuta amapsa ambiri, mphamvu n'kukwera. Kachitsulo kolumikiza timagudumu tiwiriti kamazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi, pamalo otentha kwambiri, ndipo chomwe chimakateteza ndi oyilo basi. Munthu akazimitsa injini atangochoka pa liwiro, pampu ya oyilo imaima pomwepo koma kutentha kumatsala, oyilo wotsalira amapserera n'kusanduka makala, ndipo m'miyezi yochepa turbo imafa. Mphindi ziwiri zija zinali za zimenezi.

Nzeruzi bambowa anazipeza mochedwa, atalipira kale. Mu 2008 anagula turbo yogwirapo kale ntchito, nawotcherera okha mapaipi ake madzulo akaweruka. Pa turbo pali kachitseko kotchedwa wastegate, komwe kamatulutsa utsi wina kuti mphamvu isapitirire muyezo. Iwo anakamanga mothina, pofuna kumva zonse zomwe chitsulocho chingathe. Kwa sabata zitatu anali mfumu ya msewu wa N4. Sabata yachinayi, akukwera chitunda cha ku Pretoria, injini inalira ngati wina waponyamo misomali, kenako utsi wabuluu unadzaza kumbuyo. Atamasula anapeza pisitoni imodzi itabooka pakati, bowo loti chala n'kulowa.

Chomwe chinachitika n'chodziwika kwa amakaniko. Mpweya wopanikizidwa umatentha, ndipo ukatentha kwambiri petulo amaphulika yekha nthawi yake isanakwane, n'kumenya pisitoni ngati nyundo. Injini ya Essex sinapangidwe kuti izilandira mpweya wokankhidwa. Kuti ipirire, anaika mapisitoni ochepetsa kupanikizika, anawonjezera intercooler, yomwe ndi radiyeta yoziziritsa mpweya usanalowe, anabweza pang'ono nthawi yoyatsira moto, nasiya petulo wa 93 n'kumathira wa 95 yekha. Anakonzanso zofooka ziwiri zomwe eni injinizi amazidziwa bwino. Giya yoyendetsa camshaft ili ndi mano osakhala achitsulo, omwe amagweruka akakalamba. Anaika yachitsulo, ngakhale imalira. Kachitsulo ka makona asanu ndi limodzi koyendetsa pampu ya oyilo kamaperesekera n'kukhala kobulungira, pampu n'kuima mwakachetechete. Anayamba kukasintha nthawi iliyonse akatsekula injini, kaya kakuoneka kabwino. Atatero anakumbukira kuti galimoto yothamanga iyeneranso kuima, ndipo mabuleki anadya ndalama za miyezi ina iwiri.

Pali chinthu china chomwe bambowa ankachiseka okha. Pulatinamu yomwe ankathandiza kukumba, yomwe South Africa imatulutsa pafupifupi magawo 70 mwa 100 alionse a dziko lonse lapansi, yambiri imakathera m'mapaipi a utsi a galimoto zatsopano, m'kachipangizo koyeretsa utsi. Kachipangizoka kamawonongeka ndi mtovu, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe petulo wa mtovu analetsedwera. Ku South Africa anasiya kumugulitsa mu Januwale 2006. Koma mtovuwo ndi womwe unkateteza malo okhalira mavalavu m'injini zakale. Motero chitsulo chomwe chinkawapatsa malipiro n'chomwe chinawachititsa kunyamula mitu ya injini yawo kupita nayo kwa amisiri kuti akaikemo mipando yolimba ya mavalavu. Cortina yawo ilibe pulatinamu ngakhale kambewu kamodzi.

Zonsezi ankazilemba m'kope la ana asukulu: tsiku, makilomita, chomwe asintha, mtengo wake. Oyilo ankasintha pa makilomita 5,000 alionse osaphonya. Kopeli ndi lomwe linawagwiritsa. Mayi akunyumba, omwe anatsala ku Lizulu akulima chimanga ndi mbatatesi, atabwera kudzacheza analipeza pa shelefu, nakhala pansi n'kuwonkhetsa. Ndalama zomwe zinalembedwamo zikanafolera nyumba yawo ndi malata, zina n'kutsala zogulira ng'ombe ziwiri zapangolo. Sanakalipe. Anangotseka kopelo n'kunena kuti, “Abambo, mukanangondiuza kuti kuno muli ndi mkazi mnzanga, ndikanamubweretsera nsalu.” Kuyambira tsiku limenelo galimotoyo inali ndi dzina.

N'kosavuta kuwaweruza bambowa, ndipo masamu a mayiwo anali olondola. Koma munthu amene sanatsikepo mumgodi asafulumire. Wogwira ntchito pansi pa nthaka amatha maola ambiri mumdima ndi kutentha, akukonza makina a eni ake, pa nthawi ya eni ake, ndipo akatuluka amapeza tauni yodzaza ndi mabala, juga ndi akatapila omwe amadikira tsiku la malipiro. Anzawo ambiri ndalama zawo zinapita kumeneko, popanda kope lolembamo. Garaja yaing'ono ya ku Tlhabane inali malo okhawo omwe chinthu chikalakwika mlandu unali wawo, chikayenda bwino ulemu unalinso wawo. Izi sizifolera nyumba, koma si zachabe.

Mayeso enieni anabwera mu 2014. Chigawo cha migodi chinali chisanachire bala la pa 16 Ogasiti 2012, pamene apolisi anawombera ndi kupha ogwira ntchito 34 ku Marikana, kum'mawa kwa Rustenburg. Pa 23 Januwale 2014, bungwe la ogwira ntchito la AMCU linayambitsa sitiraka m'makampani a Anglo American Platinum, Impala Platinum ndi Lonmin, pofuna malipiro oyambira R12,500 pamwezi. Anthu pafupifupi 70,000 anasiya ntchito, ndipo sitirakayo inatha miyezi isanu, mpaka kumapeto kwa Juni. Wosagwira ntchito sankalandira kanthu. Masitolo anatsekedwa, eni nyumba za lendi anasowa wowalipira, ndipo mabanja a ku Eastern Cape, Lesotho, Mozambique ndi Malawi omwe ankadalira ndalama za kumigodi anaona foni zawo zili chete mwezi ndi mwezi.

Pofika mu Epulo, ndalama zosunga zinali zitatha. Kumudzi kunkafunika fizi ya ana awiri a kusekondale ndi feteleza wa mbatatesi zakudimba. Bambowa anayesa kukonza galimoto za anthu, koma makasitomala awo anali anzawo a sitiraka omwe, olipira ndi nkhuku kapena mawu akuti “tidzaonana”. Apa m'pamene kunabwera munthu wina wochokera ku Pretoria, wodziwa bwino mtengo wa XR6 komanso wodziwa kuti m'nyumba za kumigodi muli njala. Anatchula mtengo wochepera theka la womwe galimotoyo inayenera, ndalama zili m'manja.

Usiku umenewo anaimbira foni kumudzi n'kufotokoza zonse. Ankayembekezera kumva kuti agulitse, ndipo akanagulitsa. Mayiwo anakhala kaye chete, kenako anafunsa ngati munthu angagulitse nyanga za ng'ombe n'kusunga ng'ombeyo. Bambowa anaseka, koma atadula foni anapita ku garaja ndi tochi. M'mawa mwake anamasula turbo, intercooler, mapaipi onse omwe anawotcherera okha ndi marimu anayi owala, nazigulitsa padera kwa anyamata a mipikisano ya galimoto. Zinthuzi zinakwanira fizi ndi matumba a feteleza, zina n'kutsala zogulira ufa mpaka sitiraka itatha. Munthu wa ku Pretoria anabwerera chimanjamanja.

Cortina inatsala yamanyazi. Injini yomwe yaikidwa mapisitoni oyenera turbo, turboyo ikachoka, imakhala yofooka kuposa momwe inalili pochoka kufakitale. Galimoto yomwe inkaopedwa pa N4 tsopano inkapitiridwa ndi minibasi yodzaza anthu. Inayenda motero zaka ziwiri, pa marimu achitsulo obwereka, ikunyamula mabokosi a masipanala. Chodabwitsa n'chakuti bambowa sanasiye kudikira mphindi ziwiri asanazimitse, ngakhale munalibe chilichonse chofuna kuzizira.

Mu 2016 anapeza turbo ina pamalo ogulitsira zitsulo zakale, yochokera ku lole yaing'ono ya dizilo. Anaikonza okha, ndipo ulendo uno wastegate anaimanga pa 0.4 bar, mphamvu yochepa poyerekeza ndi yomwe inabowola pisitoni ija. Anyamata omwe ankabwera ku garaja Loweruka ankawaumiriza kuti athineko pang'ono, ponena kuti injiniyo ingapirire zambiri. Iwo ankangowapatsa kope lija kuti awerenge tsamba la 2008. Ndalama zogulira turbo yachiwiriyi zinatuluka nyumba ya ku Lizulu itafoleredwa kale, ndipo tsiku logulira malata linalembedwa m'kope lomwelo, pakati pa oyilo ndi mapulagi.

Galimotoyo sinafikepo ku Malawi. Ulendo wodzera ku Beitbridge, Harare, Nyamapanda ndi Tete ndi wautali kwa injini ya zaka zoposa 40, ndipo bambowa akamapita kwawo amakwera basi ngati wina aliyense. Mayi ndi omwe anabweranso ku Tlhabane pa Khirisimasi ya 2017, nakwera kutsogolo kupita kutchalitchi. Pobwerera, atafika pakhomo, mwana wa m'nyumba yoyandikana anathamangira pawindo n'kufunsa chifukwa chomwe agogo sakuzimitsira galimoto. Bambowa asanatsekule pakamwa, mayiwo anayang'ana wotchi ya amuna awo n'kumuuza mwanayo kuti, “Tamusiya mnzangayu apume kaye, yatsala mphindi imodzi.”