Mtanda wa nsima wa Gwenembe

Ndimalemba nkhani za achinyamata, ndipo chimene chikundiwawa masiku ano ndi tinkhani tadzaza pa Facebook ndi pa WhatsApp iti. Mayi wopeza nthawi zonse ndi mfiti, malume ndi wolanda chuma cha ana amasiye, kenaka chakumapeto onse agwada, alira, wina anena kuti chibale n'fupa sichiola, basi yatha. Mwana wa Fomu 2 amene kwawo makolo atha mwezi osayankhulana simungamunamize choncho. Iye amadziwa kuti mkwiyo wa pachibale suzizira tsiku limodzi.

Kuyambanitsa abale papepala sikuvuta. Dimba limodzi kapena njinga ya malemu zakwana. Pamene pamatuluka thukuta ndi powayanjanitsa.

Izi anandiphunzitsa ndi aphunzitsi anga a Chichewa ku sekondale, bambo wojintcha wa jekete lotuwa ndi choko, amene ankatafuna mtedza wokazinga akamachonga makope athu pansi pa mtengo wa mango. Ankakonda Nthondo la Samuel Ntara la mu 1933, koma buku limene ankatitopetsa nalo ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Tonse tinkalirira Sikusinja wophedwayo. Iwo ankatifunsa za Gwenembe: munthu wapha m'bale wake, wafika kumudzi, mayi ake amupakulira nsima, mtanda woyamba aumeza bwanji? Nkhani yanga yoyamba anandibwezera itafiira ndi inki, atakhwatcha tsamba lonse limene abale ankapepesana. Anati kwathu kuno munthu wamkulu sachulutsa mawu popepesa, amabwera ndi nkhuku, kapena amangotulukira m'munda mwako m'mamawa khasu lili paphewa. Ndinakwiya sabata yathunthu. Tsiku la maliro awo ndinanyamula nawo bokosi.

Tsopano ndikafika poyanjanitsa abale ndimasiya cholembera masiku angapo. M'nkhani ina, mtsikana ndi mchimwene wake anadana chifukwa cha ndalama zimene bambo awo ankatumiza kuchokera ku Joni. Ndinawayanjanitsa kangapo konse, osagwira mtima. Pomaliza ndinachotsa mawu onse. Mtsikana wapakula, waika mitanda m'mbale imodzi m'malo mwa ziwiri. Mnyamata wasamba m'manja, wayang'ana mbaleyo, wakankhira chidutswa chachikulu cha chambo mbali ya mlongo wake. Agogo ali pakhomo akusankha nyemba, ngati sakuona. Ndi pomwepo.

Ndipo banja limene ndimalemba ine si la bambo, mayi ndi ana awiri ngati la pa kalendala. Owerenga anga ambiri akuleredwa ndi agogo, ndi azakhali, ndi achemwali awo. Kumudzi kwa Achewa mwini mbumba ndi malume. Ukamusandutsa chigawenga m'nkhani iliyonse, mwana athawira kwa yani zinthu zikathina?

Malonda a mabuku otere ndiye osakamba. Kholo limalowa m'sitolo kufunsa ngati bukulo likubwera pa mayeso a JCE kapena a MSCE, likamva kuti ayi limalibweza pashelefu. Mtengo wa mapepala ukwera, wosindikiza afuna ndalama zonse ntchito isanayambe, ndiye wogulitsa wina akundiuza kuti nditsitse mtengo chifukwa bukulo ndi lopyapyala. Lopyapyala! Tsamba la mbale imodzi lija lokha linandidyera miyezi iwiri.